Imfa za Clifford Ormerod

Clifford Ormerod anafa koyamba ali ndi zaka 26, ine ndili pambali pake, ndipo imfa imeneyo inatichotsetsa ntchito tonse awiri.

Tinali ku Morecambe, m'kagulu ka zisudzo kamene kankasintha sewero sabata iliyonse: m'mawa kuloweza la sabata yamawa, madzulo kusewera la sabata ino. Tinkagona kwa Mayi Entwistle, amene ankasunga anthu a zisudzo, ndipo mayi ameneyo ankadziwa kuphika chinthu chimodzi chokha padziko lapansi, kabichi wowiritsa mpaka kutuwa. Lolemba kabichi, Lachiwiri kabichi. Lamlungu ankaponyamo kanyama kuti kabichiyo asasungulumwe.

Sabata imeneyo Clifford anali mkulu wachuma amene amuthirira poizoni, ine ndinali namwino. Anagona pa sofa, ine ndinamugwira pamkono, ndinayang'ana anthu n'kunena mawu anga mwachisoni: "Walankhula komaliza. Sitidzamvanso liwu lake." Pomwepo m'mimba mwa malemuyo munabangula. Sikunali kulira kwamasewera ayi, kunayambira pansi, kunakwera, kenako kunathera m'mwamba ngati munthu akufunsa funso. Mizere itatu yakutsogolo inamva. Ine ndinawerama ngati ndikumutseka maso, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene chinandilowa, koma ndinamunong'oneza kuti, "Kabichi."

Mtembo unayamba kunjenjemera. Nsapato zake zinayamba kugogoda pa sofa. Ine ndinafa nalo phwete, wapolisi wa m'seweromo anatembenukira kukhoma mapewa akugwedezeka, ndipo anatseka makatani wakupha asanapezeke. Loweruka bwana wa gululo anationetsa msana wa njira.

Ife a zisudzo, munthu akaseka pasiteji pamalo posayenera timati wachita mtembo, chifukwa palibe amene phwete limamuvuta kuposa wogona ngati wafa. Aliyense zinamuchitikirapo. Koma zisudzo ndi mudzi waung'ono, ndipo nkhani ya ku Morecambe inayenda kuposa eni akefe. Ine anandikhululukira, poti ndinali ndi nkhope yooneka ngati yosalakwa. Clifford anamumata dzina la munthu wosadalirika, ndipo palibenso amene anamupatsa malo pasiteji.

Anapita ku kanema, ndipo kumeneko, taonani zake za dzikoli, anakasanduka katswiri wa kufa. Ngati munaonerapo masewero a apolisi Lamlungu madzulo, Clifford munamuona, kungoti simunamudziwe. Anamuvuulapo m'ngalande, anamupezapo m'buti ya galimoto, m'munda wa mbatata, kuseri kwa limba la m'tchalitchi. Patebulo la dokotala wopima mitembo anagonapo kosawerengeka, kapepala kali lende kuchala chachikulu cha kuphazi, moti mapazi ake anatchuka kuposa nkhope. Ojambula ankamukonda chifukwa sankaphethira, ndipo anaphunzira kupumira kumsana kuti chifuwa chisasunthe. Tsiku lina ntchentche inayenda pachikope chake kuchoka uku kufika uku, iye ali duu. Kuseka sankaseka, pakuti kumeneko ukalakwitsa amangodula n'kuyambiranso, ndiye phwete likasowa choopa silibwera. Mwa apo ndi apo ankamupatsa mawu, monga "Ndani ali uko?", kenako nyimbo, kenako iye chagada. Mufilimu yaikulu imodzi yokha imene analowamo anali msilikali wofa mphindi yoyamba. Mayi ake anachedwa pamzere wogula maswiti ndipo sanamuone.

Ine ndinakhalabe pasiteji, kusewera antchito a m'nyumba, kenako azakhali, kenako agogo, monga zimakhalira. Tinkakumana kawiri pachaka pamaliro a anzathu, ndipo tinkakhala motalikirana dala. Pamaliro a bwana uja anatichotsa ntchito, wolandira anthu anatiika pabenchi limodzi mosadziwa, ndipo tinatuluka mmodzimmodzi nyimbo yoyamba isanathe, mipango ili kukamwa. Mkazi wa malemuyo anatilembera kalata yothokoza chifukwa cha misozi yathu.

Chimene Clifford ankafuna moyo wake wonse ndinkachidziwa, ngakhale ankachinena akangomwa: kuima pasiteji ku London kamodzi kokha, ataimirira ndi miyendo yake, akulankhula. Chaka chathachi anamuchita opaleshoni ya mtima, madokotala anamuletsa zogona m'madzi ozizira, ndipo ali ndi zaka 71 tonse tinaganiza kuti basi, watsala ndi imfa imodzi yokha yoti asewere.

Kenako kunabwera Imogen Ashworth, mtsikana wotsogolera masewero ku Halifax, wanzeru zake komanso wosaseka wamba. Anali ndi sewero latsopano la mkulu woweta nkhosa amene ana ake akufuna kugulitsa famu. Chigawo choyamba mkuluyo amalankhula pafupifupi mphindi makumi anayi, kenako amafa. Chigawo chachiwiri mtembo umagona patebulo m'chipinda chochezera, atauphimba nsalu yoyera, mkazi wamasiye akulankhula nawo mphindi makumi awiri. Imogen anafuna munthu wodziwa kugona, anamupeza Clifford, ndipo atamuwerengetsa mawuwo anadabwa kupeza kuti amadziwanso kulankhula. Pa mkazi wamasiye anatenga ine, Glenys Pritchard. Za ku Morecambe sankazidziwa, poti nthawi imeneyo ngakhale makolo ake anali asanakumane.

Wina anamutsina khutu sabata yoyamba ya kukonzekera. Anatiitanira mu ofesi mwake ngati ana a sukulu, natiuza kuti Lachitatu la sabata yachitatu tikatsegula, pa sewero la masana, kubwera Bambo Lionel Strachan, mwini nyumba ya zisudzo ku London, ndipo akalikonda sewerolo lipita kumeneko miyezi itatu.

"Bambo Ormerod, ndimakulemekezani kwambiri," anatero. "Koma mukachita mtembo ngakhale kamodzi, ku London kupita Gareth."

Gareth anali wodikirira malo a Clifford, bambo wa zaka makumi asanu amene ankathira ufa woyera kumutu kuti akalambe, ndipo m'mawa uliwonse ankafunsa Clifford za mtima wake mwachikondi chokayikitsa. Imogen anafunsanso kuti mawu ake enieni amene ndinanena ku Morecambe anali oti chiyani, kuti awapewe. Tinayang'anizana. Clifford anapempha kuti ayambe watuluka, ndipo ndinachita kulemba papepala.

Malamulo tinapanga tokha. Zipinda zovalira zathu anaziika wina kumapeto uku wina uko. Kulankhulana kunja kwa sewero tinaletsana. Pasiteji ndinkamuyang'ana khutu, iye ankandiyang'ana chipewa. Mawu ajawo anawaletsa m'nyumba yonse, moti mayi wa ku kantini anawafufuta pabolodi n'kulemba kuti "masamba". Koma chinthu ukachiletsa chimabala ana. M'seweromo munali poti ndinene kuti chikalata cha famu chili m'kabati, ndipo ndikangofika pa "kaba", Clifford ankayamba kutsokomola. Imogen anasintha, chikalata chinasamukira pashelefu. Tsiku lina mayi wosoka zovala analowa akufunsa kuti kabudula uyu ndi wa ndani, ndipo nkhalamba ziwirife anatipeza wina kuseri kwa chitseko, wina atagwada pansi akunamizira kumanga nsapato yopanda zingwe. Masabata amenewo nthiti zanga zinkawawa ngati ndagwa pamasitepe, koma ndinali ndisanasangalalepo choncho chichokereni ku Morecambe.

Clifford anayesa zonse. Anaika phini m'nsapato, analuma lilime mpaka kutupa, ankaganiza za galu wake amene anagundidwa ndi basi. Ndipo zinatheka. Tinatsegula sewero, sabata yoyamba inadutsa, yachiwiri inadutsa, mtembo uli phee. Koma chimene sindinayembekezere chinali chigawo choyamba. Munthuyo ankadziwa ntchito. Akaima pakati pa siteji n'kuyamba kutchula minda ya bambo ake umodziumodzi, holo yonse inkangoti zii, ngakhale otsokomola ankaiwala chifuwa. Ndinkaima kumbali ndikumvetsera, ndipo ndinkapsa mtima. Ndinkapsera mtima mabwana onse amene anamugoneka m'matope zaka makumi anayi ndi zisanu, koma makamaka ndinkadzipsera mtima ndekha, chifukwa amene anamutumiza kumatopeko ndinali ine ndi pakamwa pangapa.

Lachitatu lija linafika. Sewero la masana limakhala la agogo obwera pa basi kuchokera kumidzi, ndi maswiti awo okuta m'mapepala olira, ndi timakina ta m'makutu timene timaimba mluzu pamalo achisoni. Bambo Strachan anakhala mzere wachisanu, jasi lili pamaondo, nkhope ngati ya munthu amene wabwera kudzagula ng'ombe. Clifford anasewera chigawo choyamba moti ine ndemwe, amene ndinali nditachimva kambirimbiri, ndinaiwala kuti ndikuyenera kulowa, anachita kundikankha. Atagwa pakhomo la khola, mayi wina kumbuyo analira mokweza.

Nthawi yopumula ndinakumana naye m'kanjira, atatsamira khoma, dzanja lili pachifuwa. Ndinaphwanya lamulo n'kumufunsa ngati ali bwino. Anati ndi kutentha kwa pamtima chabe, anadya mothamanga, ndipo ndichoke pamaso pake ndisanamuyambitse phwete. Analowera cha kubala yogulitsa zakumwa, ine ndinapita kukavala zakuda.

Makatani atatseguka anali atagona kale patebulo, nsalu itamuphimba. Ndinalowa, ndinakhala pampando, ndinayamba mawu anga, ndipo pamalo pake ndinapisa dzanja kunsi kwa nsalu kuti nditulutse lake monga mwa masiku onse. Masiku onse dzanja la Clifford limakhala lofunda, lathukuta, lonyansa pang'ono. Limeneli linali lozizira ngati nsomba yochokera mufiriji.

Pakamwa panga panapitiriza pokha, poti pakamwa pa munthu wa zisudzo sipadikira mwini wake. Maso anga anali pansalu. Clifford amapumira kumsana, inde, koma ine amene ndimakhala naye pafupi ndinkadziwa poyang'ana, kakhwinya kena ka nsalu cham'nthiti kamene kamasuntha pang'ono. Tsiku limenelo sikanasunthe. Ndinamugwira pamkono kufuna mtsempha, koma sindinadziwe ngati ndikumva wake kapena wanga. Ndinamutsina. Ndinamutsinanso ndi zikhadabo, mwankhanza. Palibe. Koma nanga munthu amene ntchentche inamuyenda pachikope, kutsina n'chiyani kwa iye?

Ndinachita mantha amene sindinachitepo. Ndikaimitsa sewero n'kuitana dokotala iye ali moyo, ndamuphera London pamaso pa Strachan. Ndikapitiriza iye mtima utaima, ndiye kuti ndikhala mphindi khumi ndi zisanu ndikunena mawu oloweza kwa mnzanga akuzizira m'manja mwanga, anthu mazana atatu akuonerera. Ndinayang'ana kumbali, kumene kumakhala mayi wokumbutsa mawu, koma iye anangondikwezera chala chachikulu kuti lero ndiye mukusewera bwino.

Panafika poti mkazi wamasiye avundukule nkhope n'kupsompsona pamphumi. Ndinavundukula. Nkhope inali yotuwa, koma imakhala yotuwa tsiku lililonse, amaipaka. Mphumi inali yozizira ndi thukuta. Ndinaika tsaya pafupi ndi mphuno yake ndipo sindinamve kampweya. Ndinali ndi njira imodzi yokha yodziwira, ndipo ndinkadziwa mtengo wake. Ndinaika milomo pakhutu pake.

"Clifford," ndinanong'ona. "Kabichi."

Palibe chimene chinachitika. Ndinawerenga chamumtima, wani, thu, mpaka sikisi, ndipo ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndikuwe. Kenako mphuno yake yakumanzere inatukumuka. Munatuluka kaphokoso kakang'ono, ngati ketulo ikamayamba. Tebulo linalira kamodzi, kwii, kenako linayamba kulira motsatizana.

Chimwemwe chimene ndinamva sindingachifotokoze bwino, chinangondikwera kuchokera m'mimba n'kutulukira m'mphuno. Ndinadzigwetsa pachifuwa pake kuti ndibise, mapewa anga ndi ake akugwedezeka pamodzi, ndipo ndikhulupirira kuti kwa kanthawi anthu anayesa ndikulira. Mwina tikanapulumuka. Koma mzere woyamba munali agogo ena awiri, ndipo mmodzi anali atakweza kamakina kake mpaka kumapeto. Mnzake anamufunsa mwa liwu la anthu osamva kuti mayiyo wanena chiyani, ndipo iye anayankha holo yonse ikumva:

"Wati kabichi, Doreen. Kaya mwina ndi zimene zamupha."

Malemu anadzuka. Anakhala tsonga patebulo, nsalu ili m'chiuno, akuseka chikhakhali misozi ikudula mizere pankhope yotuwa ija. Ine ndinatsetserekera pansi n'kukhala chotambalala. Ana a m'seweromo, amene ankadikira kumbali kuti alowe kudzakangana za famu, wina anagwira mnzake. Agogo a pa basi anaseka mpaka ena kuimirira, ndipo Doreen anali kufunsabe kuti kodi ndiye kuti sanafe. Anatseka makatani.

Imogen sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anandipeza m'kanjira patatha theka la ola. Ndinamuuza kuti wolakwa ndine, andichotse ine, Clifford amusiye. Anati akudziwa, ndipo anayesa kuwauza Bambo Strachan zomwezo. Bambowo anati chigawo choyamba sanaonepo chotere zaka khumi, sewerolo alitenga, koma sangaike nyumba yawo m'manja mwa nkhalamba ziwirizo. Maso a Imogen anali ofiira. Gareth anadutsa atanyamula chitini chake cha ufa, akuyesetsa kuoneka wachisoni.

Ndinaima pakhomo la chipinda cha Clifford nthawi yaitali ndisanagogode. Ndinamupeza atakhala pagalasi akupukuta nkhope. Pambali pa mpando wake panali kandowa kasiliva ka kubala, madzi oundana akusungunukiramo.

"Ichi n'chiyani?" ndinafunsa.

Anati anabwereka. Masiku a m'ngalande anaphunzira kuti munthu ukazizidwa kwambiri phwete silibwera, ndiye poti lero linali tsiku lalikulu, anaviika manja mmenemo nthawi yonse yopumula, n'kudzipakanso pamphumi. Kupumako anachepetsa dala kuposa masiku onse, kuti Strachan aone ntchito.

"Chitsiru cha munthu iwe. Osandiuza bwanji?"

"Si iwe unati tisamalankhulane?"

Ndinakhala pa bokosi la zovala. Ndinamuuza zimene Imogen ananena, ngakhale anali atazimva kale. Ndinati ndamuwonongera moyo kawiri, ndi mawu amodzimodzi, ndipo ngati akufuna kundigenda ndi kandowako andigende. Sanatembenuke. Anandiyang'ana kudzera pagalasi n'kufunsa kuti ndinachitiranji, poti masabata onsewa ndinali nditadzigwira.

"Ndimayesa wafa," ndinatero.

"Ndimayenera kufa. Ndi sewero lake."

"Ayi, Clifford. Kufa kwenikweni."

Dzanja lake linaima m'malere ndi kansalu kopukutira. Kenako nkhope ija, theka yotuwa theka yofiira, inayamba kuwala ngati ya mwana amene wapambana mayeso. Anandifunsa ngati ndikunena zoona, ine Glenys, wa zaka makumi asanu pasiteji, nditakhala pafupi chonchi, nditamugwira ndi dzanja lomwe. Anafuna kudziwa kuti ndinayamba kukhulupirira pati, pa dzanja kapena pa nsalu, nanga pamene ndinamutsina anachita bwanji. Anandionetsa pamkono pamene ndinamusiyira zikhadabo zinayi, akunyadira. Anati palibe wa nyuzipepala amene anamulemberapo zabwino ngati zimenezi, ndipo ndilembe papepala ndisayine. Ndinamutukwana, tinasekanso, koma kuseka kwake kunali kotopa, ndipo kunatha kokha.

Anayang'ana madzi a m'kandowa.

"Ndimaifuna London, Glenys," anatero. "Usaganize kuti sindimaifuna."

"Ndikudziwa."

"Koma ukudziwa, kujambula kukatha amati tadula, aliyense n'kuthamangira tiyi. Tsiku lina anandiiwala m'buti ya galimoto ola lathunthu, anakumbuka chifukwa mwini galimoto amafuna kupita kwawo. Zaka zonsezi ndakhala ndikugona pamaso pa anthu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anaweramapo kuti aone ngati ndikupuma."

Kunja tinkamva Gareth akuyeseza mawu a minda ija, akulakwitsa dzina la munda wachitatu. Clifford anatseka maso pomva zimenezo, ndipo misozi imene inatsika ulendo uno sinali ya phwete. Kenako anatambasula manja onse awiri kwa ine, ofiira, otupa.

"Tandigwirira awa, mayi iwe. Zala sindikuzimva."

Ndinasendeza bokosi lija pafupi, ndinawatenga n'kuwaika pakati pa anga. Anatenga nthawi yaitali kuti afunde, ndipo belu loitana a sewero la madzulo litalira, palibe mwa ife amene anadzuka.